Kanyumba ka ambuya kuseri: madzi osamba ndi chisanu cha Juni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Kalongwezi kuno ku Chipata. Akumanga kanyumba ka chipinda chimodzi ndi bafa kuseri kwa nyumba yawo, chakufupi ndi dimba la ndiwo zamasamba, mamita 20 kuchokera pa nyumba yaikulu. Zipupa zakwera, malata akhomedwa, pulasitala ndiye sanayambe. Odzagonamo ndi amayi awo owabereka, a zaka za m'ma 70, amene akuchoka kumudzi ku Chadiza chifukwa nyamakazi ikuwalepheretsa kutunga madzi ndi kutola nkhuni. Funso analilemba motere: "Ndigule chiyani choti m'chipindamo muzifunda nyengo yozizira, komanso choti amayi azisamba madzi otentha tsiku lililonse? Wina akuti giza ya magetsi, wina akuti ya sola, wina akuti ya gasi. Ndalama n'zochepa, sindifuna kugula kawiri. Eni akewo akuti mbaula yawo ikwanira."

Amayi, zikomo polemba pulasitala asanayambe, chifukwa zambiri zimene ndinene zimatsika mtengo pamene amisiri akadali pamalopo. Amayi anuwo ndiziwatchula kuti ambuya, monga adzukulu awo adzawaitanira.

Mafunso anu ndi awiri, koma sali olemera mofanana. Chipata ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, ndiye chisanu timachidziwa, koma n'cha kanthawi. Chimayamba kumapeto kwa Meyi, chimaluma mu Juni ndi Julayi, pofika pakati pa Ogasiti chayamba kuthawa. Ngakhale mu Julayi momwemo, chimavuta usiku ndi mbandakucha. Ikamakwana 10 koloko munthu wavula juzi, kupatula masiku aja a mitambo ndi kamphepo kochokera kumwera. Kenako Seputembala, Okutobala ndi Novembala kanyumba ka malata kamasanduka uvuni. Koma madzi otentha, munthu wa nyamakazi amawafuna chaka chonse, ngakhale mu Okutobala. Choncho ndalama yaikulu ipite kumadzi. Kufunda kwa chipinda sikufuna kugulira chipangizo chodula, kumafuna kamangidwe.

Choyamba ndi siling'i. Lata lilibe chifundo: masana limakokera dzuwa m'nyumba, usiku limataya kutentha konse kumwamba, m'mawa n'kumadontha mame pabulangete. Mukhoza kuyatsa hita usiku wonse m'chipinda chopanda siling'i, mukutenthetsa mileme ya padenga basi. Ikani siling'i yotseka bwino m'mbali, ndipo ngati thumba lilola, yalani pamwamba pake zija zonga thonje zimene amagulitsa m'masitolo a zomangira kuti zitchinge kutentha. Ndalama yomweyi idzagwiranso ntchito mu Okutobala, pamene hita idzakhala ili m'katoni. Palibe chinthu china pa kanyumbako chimene chidzakubwezereni ndalama kawiri chotere.

Chachiwiri ndi windo. Ife tili kumwera kwa equator, pafupifupi madigiri 13 ndi theka, ndiye mu Juni dzuwa silidutsa paliwombo, limapendekera kumpoto. Windo loyang'ana kumpoto limalowetsa dzuwa la Juni mpaka pasimenti, njerwa ndi simentiyo n'kusunga kutenthako n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, moti windo lomwelo, ngati denga latulukira pang'ono, limakhala mumthunzi. Loipa ndi windo lalikulu la kumadzulo, limene limawotcha chipinda madzulo a chilimwe. Popeza pulasitala sanayambe, kuboola windo kumpoto kapena kuchepetsa la kumadzulo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Zotsalazo n'zazing'ono: chitseko chisakhale ndi mpata waukulu pansi, makatani akhale okhuthala, pafupi ndi bedi pakhale kapeti kapena mphasa kuti phazi la ambuya lisamaponde simenti yozizira podzuka, ndipo bedi lisagunde chipupa cha kumwera chimene sichiona dzuwa nyengo yonse yachisanu.

Tsopano mbaula. Mawu anu omaliza aja ndi amene andichititsa kukhala pansi n'kulemba zazitali chonchi.

Ambuya sakunama. Moyo wawo wonse awotha moto m'nyumba ndipo ali moyo. Koma nyumba yakumudzi ya udzu imapuma. Utsi umatulukira m'denga, mphepo imalowera pakati pa chipupa ndi tsindwi ndiponso m'mbali mwa chitseko. Kanyumba kamene ndangokuuzani kuti mumangeka ndi kosiyana: pulasitala, siling'i, magalasi, chitseko chothina. Walira mvula walira matope. Chipinda chikamasunga bwino kutentha, chimasunganso bwino mpweya woipa. Makala, kaya muwatche malasha monga timanenera m'tauni muno, akamayaka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsamwitsa, sukhetsa misozi. Ukalowa m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu kuposa oxygen kopitirira ka 200, ndiye magazi amayendabe m'thupi koma osanyamula mpweya wopatsa moyo. Munthu ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Munthu ali mtulo samva kalikonse.

Pali chikhulupiriro chimene ndachimva kambirimbiri, choti makala akayaka onse n'kufiira psuu, utsi n'kutha, ndiye kuti akhoza kulowa m'nyumba. Ndi bodza lakupha. Utsi ndi carbon monoxide n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo makala ofiira opanda utsiwo akutulutsabe mpweyawo mpaka atazimiratu. Zaka zingapo zapitazo mnyamata amene ankagona m'kanyumba ka kuseri kwa aneba athu analowetsa mbaula usiku wina wa Julayi, n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thumba. M'mawa anachedwa kudzuka, agogoda osayankha, mpaka tinathyola loko. Tinamupeza wagwa pakati pa bedi ndi chitseko, atasanza, akupuma mofooka. Anachira atamuthamangira naye kuchipatala n'kumuika pa oxygen, koma mutu unamuvuta kwa masabata. Anali mnyamata wa mphamvu zake. Munthu wa zaka 70, mwina wa mtima wotopa kale, mpata wotero sakhala nawo, ndipo kanyumba kali mamita 20 kuchokera pamene inu mukugona. Zoterezi zikachitika, tsekulani zitseko ndi mawindo, mtulutseni panja munthuyo, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale atsitsimuke. Kummwetsa mkaka sikuchotsa mpweyawo m'magazi, ndipo womuthira zakumwa m'kamwa munthu wokomoka akhoza kumutsamwitsa.

Chimodzimodzi hita ya gasi ndi ya palafini m'chipinda chogona chotseka, ndimakana. Ndiponso timabowo ta mpweya tija amisiri amasiya pamwamba pa mawindo musatitseke tonse ndi nyuzipepala. Ikani kasefa kotchinga udzudzu, mpweya uzidutsa.

Nanga usiku wa Julayi ambuya afunde ndi chiyani? Fundikani munthu, chipinda chibwere pambuyo. Mabulangete awiri abwino, chipewa chaubweya, masokosi, ndi botolo la labala lija la madzi otentha loikidwa m'mabulangete theka la ola asanagone. Musathiremo madzi owira kumene, ndipo likulungeni ndi chitenje. Ngati ambuya ali ndi shuga ndipo mapazi awo samva bwino, botololo lizichotsedwa akamalowa pabedi, chifukwa akhoza kupsa osadziwa. Bulangete la magetsi nalonso ndi labwino ndipo silidya: ambiri amakoka mawati osapitirira 100, kutanthauza kuti usiku wonse silimaliza yuniti imodzi. Lizitenthetsa bedi madzulo, pogona n'kulizima. Kwa munthu amene mkodzo umamupulumuka usiku, bulangete limeneli lisiyeni.

Ngati mukufunabe hita, gulani ya magetsi yokhala ndi mafuta otsekeredwa m'kati, ija yooneka ngati nthiti. Ilibe waya wofiira woti n'kuyatsa chitenje kapena neti ya udzudzu, ndipo magetsi akathima imakhalabe yofunda kwa kanthawi. Mahita a timawaya tofiira ndi otsika mtengo, koma m'chipinda cha munthu wokalamba wovala nsalu zolendewera, wogona m'neti, sindingawaike. Dziwani chabe kuti hita iliyonse ya mawati 2,000 imadya mayuniti awiri pa ola ikamayaka osapuma. M'chipinda cha siling'i imazimazima yokha ndiye imadya pang'ono, m'chipinda chopanda siling'i imayaka mpaka kucha. Ndipo musayerekeze kuilumikiza ku ma batire a sola. Batire la 12V la 200Ah limasunga mayuniti 2.4, ndipo ngati ndi la asidi mumayenera kugwiritsa ntchito theka lokha. Hita ija ikhoza kulimaliza ola lisanathe. Ma batire asiyireni mababu, foni, wailesi, ndi bulangete lija ngati mukufuna.

Tibwere kumadzi. Pali kasamu kamodzi kamene kamathetsa mikangano yambiri. Kuti lita imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi, pamafunika mphamvu yofanana ndi mawati 1.16 kwa ola limodzi. Tiyerekeze kuti m'mawa wa Juni madzi a pampopi ali pa madigiri 18 ndipo ambuya akufuna kusamba a madigiri 40. Ndowa ya malita 20 idya theka la yuniti basi. Mukawiritsa malita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye kuti maketulo atatu, n'kusakaniza ndi ozizira, ndowa yakwana. Ndikunena izi kuti muone kukula kwenikweni kwa vuto lanu. Munthu mmodzi wosamba m'ndowa safuna fakitale. Ngati ndalama zatha pa siling'i, ketulo ndi ndowa zikhoza kukusungani chaka chathunthu popanda manyazi. Chovuta chake n'chakuti wina ayenera kunyamula madzi owira tsiku ndi tsiku, ndipo ambuya akafuna kudzichitira okha, manja a nyamakazi ndi ketulo yodzaza sizigwirizana.

Mwina mwaganizapo zokoka paipi kuchokera ku giza ya nyumba yaikulu. N'zotheka, ngati gizayo ilipo kale ndipo ili mbali yoyang'ana kanyumbako. Paipi ya hafu inchi ya mamita 20 imasunga malita atatu kapena anayi, amene ayenera kuyamba atuluka ozizira otentha asanafike. Amenewo mukhoza kuwatchera m'ndowa n'kukathirira repu. Paipi ikhale ya PPR, yobiriwira ija, osati PVC imene imafewa ndi madzi otentha, ndipo ikutidwe bwino isanakwiriridwe. Komabe njira imeneyi imamangirira ambuya ku giza ya banja lonse. Ana akasamba onse m'mawa kupita kusukulu, iwo atsala ndi ozizira.

Giza ya magetsi yakeyake ya kanyumbako ndi imene ndingaike kumapeto kwa mndandanda. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa 18 kufika pa 60 kumadya mayuniti opitirira 7, ndipo element ya mawati 3,000, chitsulo chija chotenthetsa madzi m'thankimo, imatenga maola awiri ndi theka. Ngakhale wina asasambe, thankiyo imataya yuniti imodzi kapena awiri patsiku pongosunga madziwo ali otentha. Pa munthu wofuna theka la yuniti, kumeneko n'kupha mbewa ndi mfuti. Ngati mwasankhabe imeneyi, tengani ya malita 50. Koma funso lalikulu ndi lakuti magetsiwo adzakhalapo? Ambiri a magetsi a kuno ku Zambia amachokera kumadzi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatsitsa madzi ku damu la Kariba mpaka load shedding, kuthimitsa magetsi mosinthanasinthana kuja, inafika maola 21 patsiku cha mu Seputembala. Tinazionanso mu 2015 ndi 2019. Amene anali ndi giza ya magetsi yokha anabwerera kumbaula ngati wina aliyense. Kanyumba mukumangaka kakhala zaka 30 kapena kuposa, ndipo chilala china chidzakapeza.

Pali timahita tija tomangirira pa shawa penipeni, totenthetsa madzi akamadutsa. Timakopa chifukwa n'totsika mtengo ndipo sititaya magetsi posunga madzi. Koma timakoka moto wambiri nthawi imodzi. Ka mawati 5,500 kamakoka ma amp 24, pomwe waya wa 2.5mm wa masoketi sunapangidwire zimenezo, makamaka pa mtunda wa mamita 20. Pamafunika waya wakewake wa 4mm kapena 6mm, breaker yake, earth yeniyeni, ndi earth leakage ya 30mA yoti izidula magetsi msanga pakalakwika. Ndaona timahita timeneti titalumikizidwa ndi waya wopotokola pamanja n'kumata tepi, pamwamba penipeni pa mutu wa munthu woima m'madzi. Ndiponso mu Juni kamangotulutsa malita osakwana anayi pa mphindi ngati mukufuna madzi ofunda bwino. Magetsi akathima, nako kathima. Mwa njira ina iliyonse imene musankhe, waya wopita ku kanyumbako ukhale wokwiriridwa m'paipi kapena wa chitsulo kunja, ndi kabokosi kake ka ma breaker, woikidwa ndi wamagetsi wa mapepala ake. Ekisitenshoni yodutsa m'dimba lothiriridwa madzi si njira.

Giza ya gasi ndiyo ndimailemekeza. Imayaka pokhapokha mwatsekula mpopi, imayatsidwa ndi mabatire awiri akuluakulu a tochi, ndipo kampani ya magetsi ya ZESCO ikathimitsa ilibe nazo kanthu. Kilogalamu imodzi ya gasi ili ndi kutentha kofanana ndi mayuniti pafupifupi 13, moti silinda ya 9kg ikhoza kusambitsa munthu mmodzi miyezi iwiri kapena itatu. Malamulo ake ndi awiri. Iikidwe kunja kwa chipupa, m'kabokosi kopita mphepo, osati m'bafa, chifukwa nayonso imatulutsa mpweya uja ndanena. Ndipo imafuna madzi othamanga: mpopi ukamangodontha, siyaka n'komwe. Musanagule, yesani mpopi wa kuseriko m'mawa nthawi imene aliyense mdera lanu akutunga. Ngati madzi a kampani ya Eastern Water amafika mofooka nthawi imeneyo, kapena mumadalira thanki yokhala pa sitandi yaifupi, funsani giza yopangidwira madzi ofooka, apo ayi mudzafunika kapampu, kamene kakubwezeraninso kumagetsi.

Ena angakuuzeni za donki, mgolo wa malita 210 wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, monga amachitira m'mafamu ndi m'makampu ena a ku Luangwa. Imagwira ntchito ndithu, ndipo imayaka ndi zitsononkho, makoko a nshawa ndi nthambi zosadzidwa. Kukanakhala ku Chadiza ndikanaivomereza. Pa poloti ya m'tauni, utsi udzakuyambanitsani ndi aneba, ndipo pafunika munthu wosonkhezera moto tsiku lililonse. Woimanga asaiwale paipi yotseguka yoloza kumwamba yotulutsira nthunzi, yopanda mpopi uliwonse. Mgolo wotsekedwa paliponse uli pamoto umaphulika.

Kukanakhala kuti kanyumbako ndi ka amayi anga, ndikanagula giza ya sola ya malita 100, ya machubu a galasi pafupifupi khumi, ija thanki yake imakhala pamwamba pa machubuwo. Ilibe pampu, ilibe waya. Madzi akatentha m'machubu amapepuka n'kukwera okha m'thanki, ozizira n'kutsika kukatenga malo. Mwayi wathu kuno ndi wakuti miyezi yozizira ndi yomwenso ilibe mvula, moti masiku ambiri a Juni ndi Julayi kumwamba kumakhala kuli mbee. Machubuwo ali ndi magalasi awiri, pakati pake anachotsamo mpweya, ndiye ngakhale kunja kukuzizira satayanso kutentha kumene akola. Mtengo wake pogula ndi wokwera kuposa zinazi, koma mukalipira mwalipira.

Zimene zimalakwika pa magiza a sola n'zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimachokera pa kaikidwe. Machubu ayang'ane kumpoto. Ndaona ambiri m'tauni muno atayang'anitsidwa kumene denga lapendekera, kaya ndi kumwera kaya kumadzulo, eni ake n'kumadandaula kuti sola ndi bodza. Ngati denga la kanyumbako silinapendekere kumpoto, wowotcherera akupangireni sitandi yachitsulo pambali. Sitandiyo ili ndi ubwino wina: giza ya malita 100 ikadzaza imalemera kuposa makilogalamu 150, matumba atatu a chimanga okhala pamalo amodzi chaka ndi chaka, ndipo mitengo ya denga ya timanyumba ta kuseri nthawi zambiri imakhala yowonda. Muonenso mthunzi. Mwati kanyumbako kali pafupi ndi dimba, ndiye ndikuganiza kuti pali mango kapena mapeyala. Mthunzi wa Okutobala usakunamizeni, umagwera pansi pa mtengo pomwepo. Wa Juni umatalika kulowera kumwera. Mtengo kapena nyumba yaikulu ikakhala kumpoto kwa gizayo, idzaiphimba m'miyezi yomwe mukuifuna kwambiri. Pamalopo payenera kuwomba dzuwa kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana.

Giza yamtunduwu madzi ake amatsika ndi kulemera kwawo kokha, ndiye mphamvu yake imadalira kutalika kwa pamene yakhala. Shawa yake imakhala yofatsa. Kwa ambuya sindikuona vuto, chifukwa ndikukayika ngati adzafune kuima pansi pa shawa. Ambiri a msinkhu wawo amakonda kukhala pa kampando, ndowa patsogolo, kapu m'manja. Auzeni apulambala aike mpopi wapansi wodzazira ndowa, chogwirira chachitsulo pachipupa, ndi pansi posaterera. Matailosi onyezimira aja m'bafa la munthu wokalamba ndi msampha. Apulambalawo awonetsetsenso kuti madzi ozizira a m'bafamo ali ndi mphamvu yofanana ndi otenthawo. Akatenga ozizira ku paipi yamphamvu ya kumsewu n'kuwakumaniza ndi otentha ofookawa pa mpopi umodzi, ozizira amakankha otentha kubwerera kumwamba, ndipo munthu amangopotokola mpopi osapeza pakati. Njira yosavuta ndi mipopi iwiri yosiyana yothira m'ndowa imodzi.

Chimene anthu sayembekezera ndi ukali wa madziwo. Mu Seputembala ndi Okutobala, giza ya machubu yogwiritsidwa ntchito ndi munthu mmodzi imafika powira. Madzi a madigiri 60 okha amawotcha khungu m'masekondi ochepa, ndipo khungu la okalamba ndi la ana ndi lopyapyala. Ngati mungapeze valavu yosakaniza yokha madzi otentha ndi ozizira asanafike pampopi, yoyenera magiza ofooka mphamvu, igulireni. Ngati ayi, chizolowezi chikhale chakuti ozizira ayambe kulowa m'ndowa, otentha pambuyo, ndipo miyezi yotenthayo phimbani machubu ena ndi neti ya mthunzi ija ya kudimba. Kapaipi kotulutsa nthunzi pamwamba pa thanki kasatsekedwe, ngakhale kazilavula madzi masana. Ndi ntchito yake.

China n'chokhudza kusowa kwa madzi. Mpopi ukauma, giza n'kutha madzi, machubu opanda kanthu amatentha koopsa padzuwa. Madzi ozizira akabwera masana n'kulowamo mwadzidzidzi, galasi limasweka. Pakhale valavu yotsekera pamalo ofikika, ndipo giza youma izidzazidwa mbandakucha kapena usiku. Pogula, funsani ngati sitoloyo imasunga machubu apadera a saizi yomweyo, ndipo gulanipo awiri musunge, chifukwa mwala wa legeni wa mdzukulu wosaka mbalame sudziwa mtengo wa chubu. Ngati madzi anu ndi a pachitsime chobowola ndipo amasiya zoyera m'ketulo, zomwezo zidzaunjikana m'machubu, ndiye pakapita chaka kapena ziwiri azitsukidwa.

Nanga masiku a mitambo, mu Januwale mvula ikamagwa sabata yathunthu, kapena Julayi akachita mdima masiku atatu? Madzi amakhala ofunda chabe. Magiza ambiri a sola ali ndi malo oikamo element yaing'ono ya magetsi. Iikeni ngati mukufuna, koma ikhale ndi switch yake yokhala yozima, yoyatsidwa tsiku lofunika lokha. Ikasiyidwa yoyaka imatenthetsa madzi usiku, dzuwa likamatuluka n'kupeza ntchito yatha, inu n'kumalipira mayuniti muli ndi sola padenga. Ine sindikanavutika nayo. Masiku oterowo ndi ochepa, ndipo maketulo atatu aja, kapena mphika pambaula panja, zimakwanira.

Madzi a sola amafika pachimake cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana. Thanki yabwino imawasunga mpaka m'mawa atangotsika pang'ono, koma pokhapokha ngati sanatungidwe madzulo, chifukwa otentha akatuluka mumalowa ozizira ndipo usiku kulibe chowatenthetsa. Apa ndiye muyenera kukhala olimba mtima, amayi. Load shedding ikadzavuta, banja lonse lidzatulukira kuti kwa ambuya kuli madzi otentha, ndipo ambuya, monga timawadziwira, sadzakaniza mdzukulu. Mukaona kuti zidzatero ndithu, gulani ya malita 150 kapena 200 pomwe pano, powerengera malita 50 pa munthu aliyense. Apo ayi lamulo likhale lakuti ambuya ayambe asamba. Nyengo yozizira n'kwabwinonso kuti azisamba masana dzuwa likadalipo, bafa lili lofunda, mafupa atamasuka.

Mbaula ija musawalande. Munthu amene wasiya mudzi wake, munda wake ndi anzake a kumpingo, mukamulandanso moto ndiye mwamulanda zambiri. Pamoto ndi pamene adzawotchere mbatata ndi kukazinga nshawa, ndi pamene adzukulu adzawazungulire madzulo. Uzani amisiri awonjezere kakhonde kumpoto kwa kanyumbako, ka denga koma kotseguka mbali ziwiri, ndi kachipupa kafupi kotchinga mphepo ya kumwera chakum'mawa. Malata atatu kapena anayi ndi njerwa zochepa zikwana. M'mawa wa Juni adzawothera dzuwa pamenepo, madzulo adzawothera mbaula pomwepo. Powauza za kuopsa kwake musayambe ndi mawu akuti carbon monoxide. Auzeni kuti nyumba iyi siili ngati ya kumudzi, denga lake silipuma, ndipo makala amapha mwakachetechete m'nyumba zotere. Masabata oyambirira a chisanu, inu kapena mwana wamkulu azipita kukawatsanzika usiku uliwonse, atanyamula botolo la madzi otentha, ndipo pobwerera azitenga mbaulayo n'kukaisiya kukhitchini kwanu.